Wopha Mbuna za Mwikisa

Sajeni Lillian Maambo anali atangovula nsapato kunsi kwa desiki kuti zala zipumeko pamene jumbo inatera pamaso pake, thi! Fungo linayamba kufika mwini nkhani asanatsegule pakamwa.

"Iyo ni evidensi," anatero mayi amene anaiponyayo. "Ninaisunga mu firiji, manje malaiti yanayenda. Segulani, ba ofisa, musaniyangane so."

Maambo sanafune kutsegula. Unali mwezi wa Okutobala, mwezi umene ku Livingstone ngakhale mbala zimaba mwaulesi, ndipo fani ya mu ofesimo inafa kalekale moti akangaude anali atagawana malo. Anakanula jumboyo ndi nsonga ya bolopeni. Munali tinsomba tachikasu, totalika ngati chala chapakati, tina tili kukamwa yasa.

"Nsomba," anatero.

"Si za ndiyo izo. Ni za mu thanki ya galasi. Zinali za ba leti, mulongosi wanga Mwikisa."

Mayiyo anali Mbaita Mufalo, wokhala ku Lusaka, wovala jekete pa dzuwa loswa mtengo ngati limeneli. Ankayankhula ngati munthu wozolowera kuti akakhosomola ena aimirire. Nkhani yake, ukachotsamo chizungu ndi mkwiyo, inali yaifupi. Mwikisa anamwalira chaka chatha ndi matenda a shuga. Anasiya mkazi wopanda mwana, Zione wa ku Katete, amene anatsala m'nyumba ya apongozi ake aamuna ku Nottie Broadie, kumawaphikira ndi kuwachapira. Anasiyanso nsomba zoweta m'nyumba, zimene amati mbuna. Lolemba masana Mbaita pochokera m'tauni anapeza nsombazo zikuthamanga ngati zapenga, kudziwomba pagalasi ndi kunjenjemera. Dzuwa lisanalowe zonse zinali zitatembenuza mimba.

"Ni mulamu wanga anaika poizoni. Ninamunvela na matu yanga aya pa Sondo, ati zikanafa zonse tipumuleko. Elo si ivo chabe. Ali na mwamuna."

"Munamuona?"

"Ninamunvela pa foni. Ati nifuna konviki, mwamuna mukulu, abwele mbuna zikachoka. Konviki, ba ofisa! Muntu wochoka ku jele, mu nyumba ya ba dadi!"

Maambo anapukuta thukuta m'khosi. "Manje mufuna nichite chani? Nimange muntu pa nkani ya tunsomba?"

"Lembani keesi. Muntu wamene apaya nsomba so, nanga mwamuna wake anamuchita chani? Bululu, banja yonse, babwela lelo kumazulo. Vovala vake vili kale mu chola. Achoka mu nyumba ija, elo nifuna bantu bazibe chamene achokela."

Apa mpamene phazi la Maambo linayamba kufunafuna nsapato. Za nsomba analibe nazo ntchito. Koma pa benchi ya panja paja anali ataonapo akazi amasiye osawerengeka, zikwama zili pamiyendo, ndipo ankadziwa kuti mkazi akathamangitsidwa ndi dzina loti wopha, dzinalo limakafika kwawo iye asanatsike basi. Nkhani zotere anatopa nazo mpaka m'mafupa. Anadzukabe.

"Tiyeni. Bati ka pulasitiki kanu nyamulani mweka."

*

Thanki inali pabalaza, yotalika ngati benchi ya m'tchalitchi, madzi akadali momwemo, miyala itaunjikidwa bwino ngati kaphiri. Munalibe chamoyo. Pamwamba pake panali chithunzi cha Mwikisa akumwetulira, ndipo patsogolo pake, pa mpando wa nsungwi, panali a Mufalo, nkhalamba yaitali imene inapuma ntchito ya njanji. Ankayang'ana madziwo ngati akudikira kuti wina atulukire kuseri kwa mwala.

Maambo anawapatsa moni n'kukhala. Nkhalambayo inkakanda mikono mosalekeza. Inali ndi zotupa za udzudzu kuyambira m'zigongono mpaka m'khosi.

"Onani mwamene babalumila," anatero Mbaita. "Pa Chibelu, Satade yapita iyi, ninababweletsela neti ya nyuwani, mu paketi, chifukwa uyu mulamu anali kubagoneka mu chosila. Olo kuipachika bwino akangiwa. Ndiye chifukwa nikamba ati ba dadi niyende nabo ku Lusaka. Bakula, bayibala vintu. Iyi nyumba ni yogulisa chabe."

"Ba Mbaita, nipempako manzi yakumwa," anatero Maambo. Ludzu analibe, ankangofuna mpata.

Atatsala awiri, anafunsa za nsomba. A Mufalo anayankha pang'onopang'ono, mawu aliwonse akuyamba awatembenuza m'kamwa.

"Mwanaka, mwana wanga Mwikisa, anavutika maningi kusankha. Poyamba anaika mitundu yonse pamozi monga mu maketi ya Maramba. Naine ninamubweletsela ka nembwe kochoka ku Zambezi, kang'ono so. Ninati nako ni ka mutundu umozi, ni bululu bake. Kanadya banzake bonse." Anaseka kamodzi, kuseka kopanda mano. "Anayesa zija zofiira, zinali kumenyana monga bachakolwa. Pa lasiti anati, bo ndate, nasankha. Izi za yelo. Sizikonda ndeo maningi, elo mukazi asunga mazai mukamwa. Sakudya, sachita chilichonse, mpaka bana batuluke."

"Inalipo yamene inali na mazai?"

"Imozi. Ya lasiti pa zamene anabeleketsa eve mwine." Analoza pagalasi. "Mwamuna anali kuipisha, kuiluma muchila. Yeve chabe mwamuna uja ndiye anali woipa."

Maambo anamva zimene sizinanenedwe. Mwikisa sanasiye mwana, ndipo zidzukulu zokha zimene nkhalambayi inkayembekezera zinali m'kamwa mwa kansomba. Anawamvera chisoni, koma chisoni sichinamuletsepo kufunsa.

"Pa Mande munali kuti?"

"Pano. Siku yonse. Masana ninagona."

"Muganiza ni ba Zione?"

"Ine sininakambe so."

"Manje mukamba kuti si beve?"

A Mufalo anakanda mkono.

Maambo anaimirira n'kuzungulira thanki, manja ali kumbuyo. Madzi analibe fungo la parafini kapena la mankhwala ochapira. Pamkombero wa galasi, pakatikati penipeni, panali mapegi awiri oyanikira zovala, ina kutsogolo ina kumbuyo, zitayang'anizana. Sizinkapana kanthu. M'madzimo, pa nsonga ya mwala, panakodwa kaulusi kabuluu kolimba. Anapinda malaya, n'kukatola, n'kukakulunga mu hankachifi pamodzi ndi mapegi aja.

Zione anamupeza m'kachipinda ka kumbuyo akupinda zitenje. Anali mkazi wamng'ono thupi, wa manja oyera ndi sopo, poti ankagwira ntchito yochapa pa loji ina ya alendo m'mbali mwa mtsinje. Zikwama ziwiri zinali pakama, china chotseka kale. Chinyanja chake chinali cha kwawo, chosasakaniza.

"Mawu oti zikanafa zonse ndinanenadi, mayi. Sindingakane. Magetsi akazima pampu imaima, nsomba zimasowa mpweya. Ndiye munthu uziimirira pamenepo, kutunga madzi ndi kapu n'kumawathira kuchokera m'mwamba, mpaka magetsi abwere. Ndichoke kochapa zovala za azungu, ndifike kuno ndizipumitsa nsomba. Lamulungu lija ndinatopa, pakamwa panathamanga."

"Ba Mbaita bakamba ati munachinja manzi pa Mande kuseni."

"Ndinasintha, ndisanapite kuntchito. Ndi madzi a m'diramu, amene timawagoneka kuti fungo la pampopi lichoke. Omwewo ndinathira uko." Analoza pawindo. Pakhonde panali kathanki kakang'ono, ndipo m'menemo mbuna imodzi yong'ambika zipsepse, imene inapatulidwa kale itavulala, inkasambira bwinobwino.

Maambo anagwedeza mutu. Madzi analibe mlandu.

"Mankwala ya mosikito? Sipulei, koilo?"

"Muno simulowa zimenezo. Malemu analetsa. Ankati kafungo kokha kamapha nsomba."

"Nanga konviki wanu?"

Zione anaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira. "Ndi nsomba, mayi. Kafunseni a Mudenda ku Maramba, amene amagulitsa. Alamu anga sanandifunse. Munthu akafuna kukupeza ndi mlandu safunsa." Anapinda chitenje china. "Kwathu mbuna ndi dzenje lokolera nyama. Amakumba, n'kuphimba ndi udzu. Mwikisa atandiuza dzina la nsombazi ndinaseka. Lero ndagweramo."

"Muyenda kuti bakamichosa?"

"Ku Katete kulibe wanga, makolo anatha. Ntchito yanga ili kuno, manda a mwamuna wanga ali kuno. Sindikudziwa."

Maambo anatambasula hankachifi. "Aya mapegi ni yanu?"

Manja a Zione anaima pachitenje.

"Ndi a pachingwe changa."

"Yanafika bwanji pa thanki?"

"Sindikudziwa."

Zaka zonsezi za upolisi Maambo anamva mabodza amitundumitundu, ndipo pafupifupi onse anali a munthu wofuna kudzipulumutsa. Ili linali lachilendo. Mkaziyu anali atanena zoona pa chilichonse chomuipitsa, kenaka n'kunama pa chinthu chokhacho chimene chikanamuthandiza.

*

Minibasi ya ku Maramba inadzaza ngati thumba la makala, ndipo Maambo anatsika msana uli chinyezi. Sitolo ya Mudenda inali kuseri kwa msika. Kutsogolo ankagulitsa chakudya cha nkhuku, poti ndicho chinkamudyetsa, koma mtima wake unali kumbuyo, kumene mathanki anasanjikizana mpaka kudenga, akuwira ndi mphamvu ya batire ya galimoto. Anali munthu wamfupi, wa dazi, amene ukamufunsa njira amayamba wakuuza mbiri ya msewu.

"Konviki? Inzya, bamama, bwelani muone bakaidi banga!" Analoza tinsomba totuwa ta mizeremizere yakuda. "Mwaona yunifomu? Ni ya jele. Ndiye chifukwa bazungu banaipasa zina iyo. Iyi nsomba ni soja. Malaiti yayende, manzi yankale ya doti, yeve abeleka chabe. Olo mu baketi abeleka. Bantu bakabwela pano bafuna yokongola. Ine nibafunsa, muli na sola? Muli na ntawi? Ngati mulibe, siyani mbuna. Mbuna ni ma madamu. Manzi yatu ya Zambezi sayaikonda, ifuna muikemo tumyala twa laimu, ifuna mpepo siku yonse, ifuna bakazi bambili pa mwamuna umozi. Sosankha na menso nsomba, musankha na umoyo wanu mwamene ulili."

"Ba Zione banabwela pano?"

"Pa Chibelu. Ati nalema, nifuna mutundu wamene siuvutisa, kuti ba mudala bankale na choyangana. Tinapangana. Nili na kasitoma ku tauni, mu msewu wa Mosi-oa-Tunya muja, ali na sola, anali kufuna kutenga mbuna zonse zamoyo. Ine nibapase makonviki. Bati banakamba ati tiyembekeze, ba mudala bakalibe kuvomela, elo ija ya mazai iyambe yatulusa bana. Pa Sondo banatuma foni ati munisungile mwamuna mukulu."

Ndiye konviki wa Mbaita anali ameneyu, wotalika ngati chala, akutokosa mchenga. Maambo akanaseka akanakhala ndi mphamvu. Chachikulu chinali chakuti munthu amene wapezera kale nsomba kopita zamoyo alibe chifukwa chozipha.

Anamufotokozera mmene zinafera. Mudenda anasiya kumwetulira.

"Kutamanga, kugunda galasi, kunjenjema? Iyo si njala ya mpepo. Zikasoba mpepo zibwela pamwamba, pakamwa so. Iyo ni mankwala ya tudoyo. Muntu anapopela."

"Kulibe anapopela." Maambo anatambasula hankachifi pa kauntala.

Mudenda anatola kaulusi kaja, n'kukayang'ana padzuwa la pakhomo, kenaka anayang'ana mapegi. "Aa, iyi ni divaida. Ndine ninabauza so."

"Munauza bandani?"

"Ba mudala, kaili. Pa Mande kuseni banabwela pano, na dzuba ija, bayenda pansi. Ati mwamuna apaya mukazi wa mazai, nichite bwanji. Ninati mugabe thanki pakati, mukazi uku, benangu uku. Ma divaida yanasila, so ninati pezani ka neti, mupanike na mapegi, pansi muike myala."

"Neti ya bwanji?"

"Neti chabe. Iliyonse yamene manzi yapita." Anaima. Anayang'ananso kaulusi kabuluu kaja, ndipo dazi lake linatuluka thukuta lina, losiyana ndi la dzuwa. "Awe. Awe, bamama. Osati ya mosikito. Zija za nyuwani zili na mankwala mu ulusi mwine. Olo kachidunswa so, mu thanki."

Maambo anapinda hankachifi yake. Nkhalamba imene inati inakhala pakhomo tsiku lonse inali itayenda wapansi mpaka ku Maramba.

*

Anabwerera ku Nottie Broadie dzuwa litapendeka. Pansi pa mtengo wa mango panali mipando, ndipo achibale anali atayamba kufika, azimayi pamphasa, azibambo atavula zipewa. Wotsogolera zokambirana anali a Wamundila, mng'ono wawo wa a Mufalo, amene ankaoneka kuti akufuna nkhaniyi ithe msanga akapeze basi. Zikwama za Zione zinali pakhonde, zonse ziwiri zotseka.

Maambo anawadutsa ndi moni wachidule. A Mufalo anawapeza pa mpando womwe uja.

"Ba Mufalo, nipempa kuona kwamene mugona. Tibili chabe."

Nkhalambayo inadzuka, n'kutsogola ikukhweza mapazi.

Neti inali pamwamba pa kama, yabuluu, mizere ya m'paketi isanathe, itakulungidwa bwino. Maambo anaimasula n'kuigwetsa. Ankayembekezera chibowo. Chimene anapeza kumutu kwa kama chinali chigamba chachikulu ngati chitseko cha kabati, cha nsalu yopyapyala ya katani wakale, chosokedwa ndi manja, ulusi wake waung'onoung'ono wolondolozana bwino. Pansi pa chigambacho m'mphepete mwa neti munkaoneka mmene sizasi inadutsira mokhotakhota.

A Mufalo anayandikira. Anagwira chigambacho ndi zala, n'kutsatira msoko wonse mpaka pangodya.

"Kuseni sichinalipo ichi," anatero motsitsa.

"Ba Zione banasoka lelo, pamene banali kumanga vola."

Nkhalambayo inakhala pakama. Maambo sanawafulumize. Panja pankamveka mawu a Mbaita akulongosolera achibale za konviki.

"Ninafuna chabe kuiteteza," anayamba nkhalambayo. "Ninaona neti ni ya nyuwani, ni ya kilini. Ninati ija yakale ili na doti, izadwalisa bana. Ninajuba, ninaika. Ninankala pamupando nikondwela, mukazi ali yeka, apumula. Pamene apo zinayamba kutamanga. Ninachosa neti musanga, ninaitaya mu chimbuzi cha panja. Bati zinapitiliza. Ija ya mazai inalavula vonse pa muchenga, tubana tuli na menso kale. Ninaona na menso yanga." Anapukuta nkhope ndi chikhatho. "Napaya vamene mwanaka anasiya. Na manja yanga. Elo Mbaita akanvela, azakamba ati mwaona, mutu wasila, tiyeni ku Lusaka. Nizafela mu fulati ya bene, kutali na manda ya mwana wanga."

"So munasiya ba Zione banyamule."

"Ninati nizakamba mailo. Mailo inafika, ninati nizakamba mailo."

Maambo anawamvera chisoni, ndipo anawapsera mtima, zonse nthawi imodzi. Sanali munthu woipa ameneyu. Anali munthu wamantha, ndipo pa ntchito yake Maambo anaona kuti amantha amawononga zambiri kuposa oipa, poti ndi ochuluka.

"Keesi palibe apa. Ni ngozi. Bati panja paja pali muntu bamuitana wopaya. Muzakamba imwe, olo nizakamba ine. Chingawame mukambe imwe."

Anatuluka onse awiri. Zione anali ataitanidwa kale, atakhala yekha kumapeto kwa mphasa, maso pansi. A Wamundila anali atangoyamba kuti banja lakhala pansi ndipo laona, pamene mkulu wawo anakweza dzanja.

A Mufalo sanakhale. Anafotokoza ataimirira, atagwira nsanamira ya khonde, kuyambira ulendo wa ku Maramba mpaka sizasi. Mawu ankathawa, ankawabweza. Maambo anangowonjezerapo chimodzi, chakuti konviki ndi nsomba ya mizeremizere ndipo wofuna kumuona apite kwa Mudenda. Mayi wina pamphasa anaseka n'kudzitseka pakamwa ndi chitenje.

Neti ija inali ya Mbaita, mphatso yake. "Dadi, nanga simunakambe chifukwa chani? Mwanichitisa nsoni pa bantu." Kenaka, poti anali munthu wosazolowera kugonja chimanjamanja, anawonjezera, "Ndiye vamene nikamba ivi. Simungankale mweka."

"Sinili neka," anatero a Mufalo. "Nili na mwana wanga Zione. Iyi nyumba ni yanga, elo eve sachoka. Wamundila, bweza vola mukati."

A Wamundila anapumira m'mwamba, nkhani yatha msanga. Anapempha kuti mlamu akhululuke, pakamwa pamalakwa, maliro amasokoneza mitu. Ananyamuka kuti akatenge zikwama.

"Zisiyeni, bambo."

Anali Zione. Anagwada, n'kuwomba m'manja mwaulemu monga anamuphunzitsira apabanja pomwepa, kenaka anayang'ana apongozi ake m'maso, chinthu chimene sanachitepo chikwatiwire.

"Atate, chibowo chija ndinachiona Lolemba lomwelo, pokuyalirani. Ndinaona ndi mapegi anga. Ndinadziwa. Sindinanene chifukwa ndinkadziwa za ku Lusaka, ndipo ndinati atate anena okha, mwa njira yawo. Lolemba ndinadikira. Dzulo alamu ananena kuti ndinapha Mwikisa, inu muli pampando apo, ndinakuyang'anani. Munayang'ana madzi. M'mawa uno ndamanga katundu chitseko chili chotsegula kuti mundione. Munadutsa."

"Mwanaka, ninali na manta."

"Ndikudziwa. Inenso ndinali nawo. Nsombazo sindikukuimbani nazo mlandu, munkafuna zabwino. Koma Mwikisa ndinamusambitsa ine, ndinamutembenuza ine pakama mpaka tsiku lomaliza, inu mukuona. Mawu amodzi okha akanakwana." Mawu ake sanakwere, ndipo misozi sinatuluke. "Mwanena chifukwa apolisi apeza. Akanapanda kubwera mayiwa, bwenzi pano ndili pamsewu ndi dzina lija, inu mukuti munena mawa."

Ngakhale Mbaita anayang'ana kumbali.

"Neti ndasoka, udzudzu sukulumaninso. Mankhwala anu a BP ali pawindo. Kansomba katsala pakhonde kamadya kamodzi patsiku, pang'ono pokha. Kuli mnzanga wa kuntchito ku Maramba, wati ndikagone kwake mpaka ndipeze chipinda."

Anawombanso m'manja, n'kudzuka. Anakweza chikwama chimodzi pamutu, china n'kuchikoka ndi dzanja, ndipo chinali cholemera moti chinkakwekwereza fumbi. Achibale anamupatukira.

A Mufalo anasiya nsanamira n'kugwira mkono wa yunifomu ya Maambo. Zala zawo zinali zouma, zogwira mwamphamvu ngati za mwana pamsika.

"Ba ofisa, mulesheni. Napapata. Imwe azakunvelani."

Maambo anayang'ana dzanjalo, n'kuyang'ana mkazi amene ankalimbana ndi geti. Anali atapeza wopha nsomba, anali atayeretsa dzina la munthu, ndipo sanamve kukoma kulikonse.

"Kulibe lamulo ya ivo, ba Mufalo."

Anachotsa zalazo chimodzichimodzi, mofatsa. Kenaka anatsika pakhonde, n'kukamupeza Zione pageti, n'kumulandira chikwama cholemera chija.